Loyce Alowa M'khola la Asekuru

MUTU WACHISANU

1. Mpando wa pa Boma

Mpando umene Loyce Soko ankakhalira ku ntchito unali wabwino kuposa mipando yonse ya kwawo. Unali wofewa, wamateyala, wotha kuzungulira. Koma mtsikanayo sankaukhalitsa. Akatayipa mizere iwiri ankadzuka kukasuzumira pakhomo. Akabwerako ankapukuta makina a fotokope amene anali atawapukuta kale.

Ntchitoyo ankagwira mu shopu ya a Ilyasi, kufupi ndi msika wa pa Boma la Mzimba. Mbali ina ankagulitsa makope ndi zolembera, mbali ina kunali kompyuta ndi makina aja. Makasitomala ambiri anali anyamata odzajambulitsa ziphaso zawo pokonzekera ulendo wa ku Joni. Ntchito ya Loyce inali kutsegula chivundikiro, kuika pepala ndi kudina batani. Tsiku lonse.

Ntchitoyi anam'pezera ndi amayi ake, a NyaZgambo, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitangotuluka. Ananyamuka kumudzi kwawo, kuseri kwa Jenda, ndi thumba la nyemba ndi tambala, n'kudzagwada pamaso pa a Ilyasi. Kumudziko mbiri inawanda yakuti mwana wa NyaZgambo ali mu ofesi. Palibe amene anafunsa kuti ofesi yake yotani.

Chimene Loyce ankakonda chinali china. Kuyambira ali Fomu 2, holide iliyonse ankatsata a Malizani, mlangizi wa ziweto wa dera lawo, n'kumawanyamulira chikwama cha mankhwala. Anaphunzira kugwetsa mbuzi, kutsuka bala ndi kudontheza katemera m'maso mwa nkhuku. Za ng'ombe zokha ankaphunzirira kunja kwa mpanda, chifukwa kwawoko mkazi salowa m'khola la ng'ombe. A Malizani akamathandiza ng'ombe yolephera kuswa ankalankhula mokweza dala, kuti mtsikanayo amve zimene manja awo akuchita.

Lachiwiri lina m'mawa foni ya Loyce inalira. Anali amayi ake.

"Loyce, ndapota, chonde mwana wane, a Malizani uli nayo nambala yawo ina? Iyi sakuyankha."

"Kwagwanji, amama?"

"Pasipoti ikulephera kuswa. Yayamba m'bandakucha, mpaka pano yayi. Kwangotuluka mwendo umodzi basi. Tsopano yagona, sikudzukanso."

Pasipoti inali ng'ombe yokhayo yotsala m'khola la banja lawo. Abambo ake a Loyce anaigula ndi ndalama zawo zoyamba za ku Joni, asanasiye kuimba foni kumudzi. Zinzake zinatha, zina ndi matenda a nkhupakupa, zina ndi fizi ya Loyce.

"Ali nayo ndani?"

"Asekuru ako, ndi dzanja lawo limodzi lija. Amuna tiwapeza kuti? Onse ali ku Joni."

"Auzeni asakoke mwendowo. Mwamva, amama? Asakoke. Ndikubwera."

"Iwe! Sindinati ubwere! Ndati nambala!"

Loyce anadula foni, n'kuimbira a Malizani pa nambala ina ija. Anayankha ali kutali, kumalire a Zambia, kumene ankabaya ng'ombe katemera. Anati ayesetsa, koma afika dzuwa litapendeka.

2. Chenjezo la a Ilyasi

A Ilyasi anali atamva zonse ali kuseri kwa kauntala. Anavula magalasi awo pang'onopang'ono.

"Loyce, khala pansi. Osati pa katoni apo. Pampando pako."

Loyce anakhala kunsonga kwa mpando.

"Ine ntchito ndinayambira pakhonde la sitolo ya eni, ndi kabenchi ka machesi ndi mchere. Ukuganiza kuti ndinabadwa ndikukonda machesi? Ayi. Ndinkadana nako kukhala padzuwa kudikira munthu wodzagula bokosi limodzi. Koma ndinakhala. Kabenchi kanabala tebulo, tebulo linabala shopu ino. Kukonda ntchito kunabwera mochedwa, ana anga atayamba kukhuta. Inu ana a masiku ano mukufuna ntchito ikusekerereni tsiku loyamba ngati chibwenzi.

"Pita padepoti apo ukaone. Atsikana amene anakhoza bwino kuposa iwe akugulitsa mandasi ndi madzi a m'majumbo. Ena amalowa muno iwe ukapita kokadya, kudzandifunsa ngati mpandowo uli ndi mwini. Ndimawayankha kuti uli naye. Koma mwini wakeyo ndimangomuona ali pakhomo, maso kumsewu, ngati nkhuku yosowa poikira.

"Mwezi wathawu unasiya shopu yosatseka chifukwa mbuzi ya munthu wosamudziwa yatupa mimba kumsika. Ndinakhululuka chifukwa cha mayi ako, amene anagwada pomwe pali mapazi akopo. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Kupita kwanu sindikuletsa, ng'ombe ndi chuma. Pita. Koma mawa ndikamatsegula chitseko ichi, ndikupeze uli pano. Ukapanda kufika, mpandowo ndipereka kwa wina. Ndikukuuza dzuwa likuswa mtengo, kuti usadzanene kuti Ilyasi anandithamangitsa ngati galu."

"Ndamva, bwana."

"Wamva chiyani, pamene chikwama chili kale kukhwapa?"

Loyce anayang'ana pansi, koma chikwamacho sanachitule. A Ilyasi anapukusa mutu. Analowa kuseri, n'kubwerako ndi sopo watsopano.

"Tenga. Dokotala wa ng'ombe wopanda ngakhale sopo!"

3. Ulendo wa ku Jenda

Padepoti minibasi ya ku Jenda inali isanadzaze. Kondakitala ankakuwa kuti kwatsala munthu mmodzi. Anthu ena atakwera, anapitiriza kukuwa chimodzimodzi. Loyce anatsika, anakwera, anatsikanso. Mayi wina amene anakhala naye pafupi anam'funsa ngati mpandowo uli ndi nsikidzi.

Atayamba kuyenda anaimbiranso amayi ake.

"Sanakoke?"

"Akoka pang'ono chabe."

"Amama!"

"Ndiwaletsa bwanji apongozi anga ndili kunja kwa mpanda? Undiuze iweyo."

Pa Jenda Loyce anathamangira m'golosale kukagula kabotolo ka mafuta ophikira. Potuluka anamva munthu akuimba mluzu.

"Eee! Madamu a mu ofesi!"

Anali Steve, mnyamata amene anaphunzira naye kalasi imodzi. Anapitako ku Joni, apolisi a kumeneko n'kumubweza chaka chisanathe. Tsopano ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto ya mlamu wake.

"Mwabwera kudzatiyendera ife amphawi? Ndiyambe ndapukuta mpando, siketi ingade?"

"Liza njinga, Steve. Kwathu. Fulumira."

"Mafutawo ndi a mandasi a ukwati?"

"Ndi a ng'ombe."

"Mbwenu ng'ombe zanu zatukuka chomene. Zayamba kudya zokazinga?"

Loyce anam'menya pamsana ndi botolo, njinga n'kunyamuka. Anasiya msewu wa phula n'kulowa wa fumbi. Anadutsa minda ya fodya yokololedwa kale ndi zigafa zopanda kanthu. Anadutsa nyumba zatsopano zamalata, zomangidwa ndi ndalama za ku Joni. M'makonde mwake munali azimayi, ana ndi nkhalamba.

4. Pachipata

Khola linali pakati pa mudzi, lozingidwa ndi mpanda wa mitengo. Azimayi anali ataunjikana kunja, zibwano pampanda. M'kati munali munthu mmodzi yekha, asekuru ake a Loyce, a Zondwayo Soko, agogo obala abambo ake. Dzanja lawo lamanja linali lende, chidwalireni sitiroko. M'dzanja lamanzere anagwira chingwe chomangidwa ku kamwendo kotulukira kumbuyo kwa ng'ombe.

Pasipoti inagona chammbali pa ndowe, khosi litatambasuka. Inkabuula motsitsa.

A Zondwayo ataona njinga yamoto nkhope yawo inawala.

"Yewo, mnyamata, wafika pa nthawi yake! Bwera nayo chambuyo njingayo mpaka pachipata. Timangirire chingwechi, iwe ungokoka kamodzi."

Steve anayamba kutembenuza njinga.

"Steve, ukangoyerekeza, ng'ombeyo ing'ambika pakati," anatero Loyce. Kenaka anagwada kunja kwa chipata. "Asekuru, mwana wa ng'ombe amabwera ndi miyendo iwiri yakutsogolo, mphuno ili pamwamba pake. Apa watuluka umodzi. Winawo wapindikira m'mbuyo, wakola. Mukamakoka, mukuukoletsa. Pafunika kulowetsa dzanja n'kuuwongola. Ndiloleni ndilowe."

Azimayi aja anayang'anana. A Zondwayo anasiya chingwe, n'kubwera kudzaima pachipata.

"Khala pomwepo, NyaSoko, undimvere. Khola si nyumba ya ng'ombe zokha. Adada anga agona apo, kuseri kwa mpandawo. Asekuru anga agona pambali pawo. Mudzi uno unayambira pa khola ili, nyumba zinabwera pambuyo. Mkazi wotha msinkhu sapondamo. Agogo ako ndinakhala nawo kuyambira ali namwali mpaka tsiku limene tinawaika. Phazi lawo silinadutse mtengo uwu. Mkaka ankalandirira pamwamba pa mpanda. Amako awa, akafuna ndowe ya kudimba amachita kupempha. Ukuganiza kuti onsewa analibe nzeru?

"Mkazi akalowa, ng'ombe zimapoloza, khola limauma. Kaya kusukulu anakuuzani zina, ine ndikunena zimene ndinapeza. Ndipo usaganize za ng'ombe zokha. Dziganizire wekha. Mudzi suiwala. Tsiku lina adzabwera anthu kudzakufunsira, wina adzawanong'oneza kuti uyo ndi uja analowa m'khola. Adzabwerera ndi ng'ombe zawo za malowolo. Ife tinagulitsa ng'ombe za muno kuti manja ako azigwira mapepala. Sitinazigulitse kuti udzawalowetse kumbuyo kwa ng'ombe, anthu akuona."

"Asekuru, zopolozazo ndi ziti? Yatsala imodzi, ndi imene ikufayo."

"Iwe Loyce!" anakalipa amayi ake. "Pakamwa!"

A Zondwayo anacheukira Pasipoti. Ng'ombe inabuulanso.

"Ngati ukudziwadi, uza mnyamatayu chochita. Iwe ukhale kunjako. A Malizani akabwera si mmene mumachitira? Wina m'kati, wina kunja."

Steve anayesa kukana, koma azimayi anam'kankhira m'kati. Anavula jekete, anasamba mkono ndi sopo, anadzola mafuta aja. Anagwada kumbuyo kwa ng'ombe atatembenuzira nkhope kumbali.

"Lowetsa pang'onopang'ono, utsate mwendo watulukawo," anatero Loyce. "Ukumva chiyani?"

"Kutentha!"

"Pita m'kati. Upeza mutu. Wapeza?"

"Muli zinthu zambirimbiri muno! Ndidziwa bwanji kuti mutu ndi uti?"

Ng'ombe inakankha, n'kumufinya mkono. Steve anakuwa, anasolola dzanja, n'kuthamangira kumpanda kukasanza.

"Ine ndapota, asekuru. Ku Joni ndatsukako zimbudzi, koma izi yayi."

Ena anaseka. Loyce sanaseke. Anavula nsapato za ku ntchito, n'kumanga chitenje cha amayi ake pamwamba pa siketi. A NyaZgambo anam'gwira mkono.

"Mwana wane, ganiza kaye."

"Ndaganiza m'minibasi, amama."

Anadumpha mtengo wa pachipata n'kuponda ndowe.

5. M'khola

"Hiii!" anatero azimayi onse pamodzi. Wina anagwira pakamwa. Wina anakoka mwana wake wamkazi n'kuchoka naye.

A Zondwayo sanam'menye, sanam'kalipire. Anatembenuka n'kuyang'ana kumene kunagona makolo awo.

Loyce anamasula chingwe chija. Anasamba mikono mpaka m'mapewa, anadzola mafuta otsala, n'kugona chafufumimba kumbuyo kwa Pasipoti. Mchira unkam'menya kumaso.

"Asekuru, ndigwirireni mchira."

Kenaka dzanja lamanzere la nkhalambayo linafika n'kukweza mchirawo. Nkhope yawo inayang'anabe kumbali.

Loyce anapeza mutu wa thole m'katimo. Analowetsa chala m'kamwa mwa tholelo, koma silinayamwe. Anatsina lilime, silinagwedezeke. Sanauze munthu. Anadikira kuti ng'ombe ipume, n'kukankhira tholelo m'kati kuti apeze malo. Ng'ombe ikakankha, mkono wake unkafinyika mpaka zala kuchita dzanzi. Ikapuma, iye ankapitiriza kufufuza. Tsaya lake linali pa ndowe. Ntchentche zinam'tera m'maso, wozithamangitsa panalibe.

Pomaliza anagwira bondo lopindika lija. Anatsetsereka nalo mpaka kuchiboda, n'kukoka mwamphamvu. Mwendo unawongoka. Pasipoti inalira kwambiri, timagazi n'kutsika pa mkono wa Loyce.

"Steve, bwera. Wasanza mokwanira."

Anamanga miyendo yonse iwiri. Anakoka awiriwo, chotsitsa, nthawi yokhayo imene ng'ombe inkakankha. Mutu unatuluka, kenaka mapewa, kenaka thupi lonse linagwera pansi.

Linali thole lalikazi, lofiira ngati make. Lilime linali kunja, lotupa. Loyce analipukuta mphuno, analitikita m'nthiti ndi udzu. Silinapume.

"Si izo," anatero mayi wina kunja kwa mpanda. "Walowa, lafa. Akulu sanama."

A Zondwayo anasiya mchira. Anayang'ana tholelo, n'kutuluka m'khola. Anatenga ndodo yawo, n'kulowera njira ya kwa abale awo kutsidya kwa dambo.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Steve anakokera thole lakufalo kunja. Loyce anatsala. Anapempha madzi ofunda, amayi ake n'kum'patsira pamwamba pa mpanda. Anamwetsa ng'ombe, anaitsuka, anaitsamiritsa ndi thumba la udzu kuti igonere pachifuwa. Atatha anakhala pansi pambali pake, dzanja lili pakhosi pa ng'ombeyo.

Dzuwa linayenda. A NyaZgambo anapita kukaphika, anabwera, anam'peza pomwepo.

"Chibadwire sindinakuonepo utakhala malo amodzi chonchi," anatero. "Ngakhale m'tchalitchi."

6. Minibasi yomaliza

A Malizani anafika dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anaona kaye thole, kenaka anavala pulasitiki kumkono n'kuyeza ng'ombe. Anatenga nthawi.

"Thole ili linafa kalekale, iwe usanakwere minibasi," anatero mokweza, kuti ndi a m'nyumba zoyandikana amve. Kenaka anatsitsa mawu. "Pamene umawongola mwendo, chiboda unachiphimba ndi chikhatho?"

Loyce anayang'ana dzanja lake.

"Ayi. Ndinaiwala. Ndinafulumira."

"Ndinakuuza kangati uli kuseri kwa mpanda? Chiboda ndi mpeni. Chakanda njira ya mwana. Muli bala m'katimo."

"Ifa?"

"Ikasamalidwa, ayi. Ikasiyidwa, balalo liola, ndipo sabata siitha."

Anatulutsa botolo la mankhwala ndi jekeseni, n'kuibaya pakhosi Loyce akuona. Atatha anakhala pa mtengo wa pachipata.

"Tsopano undimvere, popeza walowa wekha. Ntchito iyi anthu amaiona pa njinga yamoto ndi chikwama, n'kumati a Malizani akudya bwino. Ilibe mpando ntchito iyi. Ilibe Lamulungu. Amakuitana chiweto chitatsala pang'ono kufa, atayesa kale mchere, mwaye ndi mapemphero. Chikachira amathokoza Mulungu. Chikafa amatukwana iwe. Ine ndathyokapo nthiti, ng'ombe itandiponda. Akazi anga mpaka lero amati ndizivulira zovala panja.

"Iweyo zidzakuvuta kuposa ine. Khola lililonse m'dera lino lili ndi asekuru ake pachipata. Lero waona wekha. Wapulumutsa ng'ombe, koma chimene chimveke m'midzi ndi chakuti unapha thole. Ndiponso walakwitsa. Udzalakwitsanso, nthawi zina chiweto cha mwini chidzafera m'manja mwako chifukwa cha iwe. Ngati ukufuna ntchito yoti anthu azikugwadira, bwerera ku Boma lero lomwe. Ine sindikunyengerera. Manja uli nawo, koma manja okha sakwanira."

"Nanga inu simunaisiye bwanji?" anafunsa Loyce.

"Ndinayesapo. Ndinakhala mu ofesi ya zaulimi chaka chathunthu. Ndinanenepa, n'kuyamba kukalipira ana popanda chifukwa." Anaseka pang'ono, n'kudzuka. "Ng'ombeyi ifunika jekeseni m'mawa uliwonse mpaka botololi litatha. Ifunika kuitembenuza, ndi kuiona ngati yatentha thupi. Ikanatha kuyenda mukanaitulutsira kunja, koma mawa siidzuka iyi. Ine ndikubwerera kumalire, katemera sanathe. Abaya ndani?"

Anayang'ana Steve. Steve anakweza manja onse awiri.

"Ine ndi jekeseni sitionana. Madamu, tiyeni. Minibasi yomaliza ya ku Boma siidikira munthu."

A NyaZgambo anabwera ndi nsapato za Loyce m'manja.

"Samba uzipita. Ng'ombe ikafa, yafa. Zafa zambiri muno. Ntchito ija ndinaigwadira, Loyce. Ndinagwada pa simenti, pamaso pa mwamuna amene si m'bale wanga, anthu ogula akundidutsa. Adada ako anapita, sanabwere. Chimene ndimayendera chilili m'mudzi muno ndi iwe. Ukataya ntchito, uzidya chiyani? Ndowe?"

"Balalo ndapanga ndine, amama."

"Ndiye ulipira ndi moyo wako wonse?"

"Si kulipira. Kuja ndimangodikira kuti kude. Lero kwada ndisakudziwa."

"Thole lafa, anthu akukunena, ukununkha ngati khola. Ukufuna kundiuza kuti wakondwa?"

"Thole landiwawa. Koma mawa ndikufuna ndidzaone ngati yadya."

Loyce anapukuta dzanja pa chitenje, anatenga foni n'kuimbira a Ilyasi.

"Bwana, ndine Loyce. Mawa sindifika. Mpando uja perekani kwa wina."

"Ng'ombe ili moyo?" anafunsa a Ilyasi.

"Ili moyo. Mwana wake wafa."

"Pepa. Wasankha wekha, mwana wanga, ndipo wachita bwino kundiuza ndi pakamwa pako. Koma usadzabwere kudzalira pakhomo panga. Mayi ako uwauze kuti ine mbali yanga ndinachita."

"Akumva, ali pompano."

A NyaZgambo anaika nsapato zija pansi, n'kulowa m'nyumba. Chitseko anatseka mwamphamvu.

A Malizani anapereka botolo ndi jekeseni kwa Loyce. Akumusonyeza mlingo wa mankhwala, a Zondwayo anatulukira kuchokera kudambo, atakoleka waya paphewa.

"Tuluka, NyaSoko."

Loyce anatuluka. Nkhalambayo inabweza mitengo yonse ya pachipata, umodzi pamwamba pa unzake, mpaka kufika m'khosi. Kenaka inayamba kuimanga ndi waya, dzanja limodzi ndi mano.

"Ndawauza abale anga. Mawa akulu a banja akhala pansi pa nkhani yako. Mpaka atagamula, chipata ichi sichitsegukira mkazi."

"Asekuru, nanga jekeseni?"

"Ndanena."

Loyce anatembenukira kwa a Malizani, amene anali atakwera kale njinga yawo.

"Mwati ndibaye nthawi yanji?"

"Dzuwa likamatuluka. Osachedwa."

"Nanga akuluwo akhala nthawi yanji, asekuru?"

"Akamwa tiyi."

Loyce anakulunga botolo ndi jekeseni kunsonga ya chitenje, n'kumanga mfundo. Anayang'ana chipata chomangidwacho. Kenaka anayamba kuyenda pang'onopang'ono mozungulira khola, akugwedeza mtengo uliwonse wa mpanda kuti apeze wosalimba.